Tifunseni: Purimu, chikondwerero chimene Mose sadachilembe

Makalata a mwezi uno andibwezera ku buku laling'ono la mitu 10, buku la Estere. Anthu anayi osadziwana afunsa za chikondwerero chimodzi, aliyense atachigwira pake. Makalatawo ndawadula kuti akwane, koma mafunso ndawasiya monga adabwerera.

FUNSO: Bambo, ine ndimaphunzitsa Sande sukulu. Sabata yatha tidamaliza nkhani ya Estere, ndipo mtsikana wina wa zaka 11 adandifunsa kuti, "Purimu n'chiyani, nanga mpaka pano ilipo?" Ndidamuuza kuti ndidzamuyankha sabata yamawa. Nditafika kunyumba ndidatsegula Levitiko 23, pamene pali zikondwerero za Aisraele, koma Purimu sindidaipeze. Idachokera kuti? Ndithandizeni ndisakachite manyazi pamaso pa ana. — Mayi wophunzitsa Sande sukulu

YANKHO: Mayi, manyazi palibe apa. Mudafufuza malo oyenera, kungoti chimene mumafuna mulibemo. Levitiko 23 akutchula Sabata, Paska, mkate wopanda chotupitsa, mtolo wa zokolola zoyamba, chikondwerero cha Masabata chimene ambiri timachidziwa kuti Pentekoste, tsiku loliza malipenga, Tsiku la Chitetezo ndi chikondwerero cha Misasa. Zonsezi zidadzera mwa Mose. Purimu idabwera mochedwa kwambiri, Ababulo atapasula kale Yerusalemu cha m'ma 586 Khristu asanabadwe, iwonso atagonja kwa Aperisiya mu 539. Ayuda ena adabwerera kwawo, koma ambiri adatsala kumene adabadwira, ena akuchita malonda, ena akugwira ntchito m'boma la mfumu yachilendo. Purimu ndi ya otsalawo. Idabadwira kunja, kutali ndi Kachisi, popanda wansembe ngakhale mneneri.

Nkhani mukuidziwa popeza mwangoiphunzitsa kumene, choncho ndingotola zimene zikufotokoza dzina ndi masiku.

Ahaswero wa m'bukuli, akatswiri ambiri amati ndi Xerxes woyamba, amene adalamulira Perisiya kuyambira 486 mpaka 465. Limodzi mwa malikulu ake lidali Susa, ndipo mabwinja ake alipo mpaka lero kum'mwera chakumadzulo kwa Iran, pambali pa tauni ya Shush. Buku likuti Vasiti adachotsedwa m'chaka chachitatu cha ufumu wake, Estere n'kulowa m'nyumba yachifumu m'chaka chachisanu ndi chiwiri. Ana akadzafunsa kuti mfumu inkatani zaka zinayi zonsezo, muwauze kuti mkati mwa zaka zimenezo, mu 480, Xerxes adakamenyana ndi Agiriki ndipo zombo zake zidaphwasulidwa pa Salamis. Ndikonzenso kanthu kena kamene ndimakamva kawirikawiri paguwa: Moredekai sadali malume ake a Estere. Estere adali mwana wa Abihaili, mbale wa bambo ake a Moredekai. M'kunena kwathu adali mlongo wake, amene adamulera ngati mwana makolo atamwalira.

M'chaka cha 12 cha mfumu, nduna yaikulu Hamani idapsa mtima chifukwa Moredekai sankaigwadira. Kupha munthu mmodzi kudamuchepera, adafuna mtundu wonse. Kuti apeze tsiku lamwayi adachititsa maere. Liwu la maere m'bukumo ndi "puri", ndipo si la Chiheberi, n'chifukwa chake wolemba akulimasulira yekha pa 3:7. Lidachokera ku chilankhulo cha Asuri ndi Ababulo. Ku yunivesite ya Yale ku America akusunga kadongo kakang'ono ka mbali zisanu ndi imodzi, ka m'nthawi ya mfumu ya Asuri Shalmaneser wachitatu, kamene nduna ina inkachitira maere, ndipo liwu lomweli lidalembedwapo. "Purimu" ndi kuchulukitsa kwa "puri". Chikondwerero chonse chidatenga dzina la chida cha mdani.

Maere adachitika mwezi woyamba, Nisani, n'kugwera mwezi wa 12, Adara. Lamulo loti Ayuda onse aphedwe pa 13 Adara, akazi ndi ana omwe, lidalembedwa pa 13 Nisani, mawa lake kuli kupha mwanawankhosa wa Paska. Taganizani: anthu akukonzekera kukumbukira mmene adapulumukira m'manja mwa Farao, kwinaku amithenga akutuluka pachipata ndi kalata ya imfa yawo. Hamani adalonjeza matalente 10,000 a siliva mosungira chuma cha mfumu. Mutu 3 umatha ndi mawu amene amandiwawa ndikawawerenga: mfumu ndi Hamani adakhala pansi kuti amwe, mzinda wa Susa uli kakasi.

Zotsatira zake ana amazikonda. Masiku atatu osala kudya, Estere akulowa osaitanidwa patatha masiku 30 mfumu isanamufune, ndodo yagolide, maphwando awiri. Hamani adatuluka paphwando loyamba akumwetulira, osadziwa kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Usiku womwewo mfumu idasowa tulo, idaitanitsa buku la zochitika, n'kupeza kuti Moredekai adaipulumutsapo kwa alonda awiri achiwembu koma sadalandire kanthu. Pomaliza, mtengo wa mikono 50 umene Hamani adakonzera mnzake udanyamula mwini wake.

Koma imfa ya Hamani sidathetse mlandu, ndipo apa ndi pamene aphunzitsi ambiri timathamanga. Lamulo lodindidwa ndi mphete ya mfumu silinkafafanizidwa. Chidatheka n'kulemba lina, pa 23 mwezi wachitatu wa Sivani, lolola Ayuda kusonkhana ndi kudziteteza. Pa 13 Adara nkhondo idachitikadi. M'zigawo idatha tsiku lomwelo, anthu n'kupuma pa 14. Mu Susa idapitirira tsiku lachiwiri, n'kupuma pa 15. Mpaka lero Ayuda ambiri amachita Purimu pa 14 Adara, koma mizinda imene idali ndi linga kuyambira m'masiku a Yoswa, makamaka Yerusalemu, imachita pa 15. Munthu akhoza kuona chisangalalo ku Tel Aviv lero, mawa n'kukachipezanso ku Yerusalemu.

Tsikuli limagwa mu Febuluwale kapena Malichi. Kalendala ya Chiyuda imatsata mwezi wakumwamba, ndipo kuti isasiyane ndi nyengo amawonjezera mwezi wa 13 kasanu ndi kawiri pa zaka 19 zilizonse. Chaka choterocho Adara amakhala awiri, ndipo Purimu imachitika mwa wachiwiriyo, kuti ikhale mwezi umodzi Paska isanafike.

Tsono adailamula ndani? Mutu 9 sukubisa. Anthu adayamba okha kusangalala, Moredekai n'kulemba makalata kuti zizichitika chaka ndi chaka, Ayuda n'kuvomera kuti iwo ndi zidzukulu zawo azisunga masikuwa, kenako Estere n'kulemba kalata yachiwiri yotsimikiza. Palibe pamene pakuti Yehova adalankhula. Aphunzitsi akale a Chiyuda nawonso adaona kuti apa pali povuta. Talmud, mabuku awo aakulu a malamulo ndi zokambirana, imasimba kuti Estere adatumiza mawu kwa anzeru kuti amukhazikitsire chikumbutso cha mibadwo yonse, iwo n'kuyamba akana, poopa kuti ziutsa mkwiyo wa mitundu ina. Koma chidakhazikika. Buku lachiwiri la Amakabeo, limene lili m'Baibulo la Akatolika, limatchula "tsiku la Moredekai" pa 15:36, ndipo Josephus, wolemba mbiri wachiyuda wa m'zaka 100 zoyambirira Khristu atabadwa, adalemba kuti Ayuda a nthawi yake ankasungabe masikuwa. Chipangano Chatsopano sichitchula Purimu ndi dzina, koma pa Yohane 10:22 timapeza Yesu ali m'Kachisi pa Hanukkah, chikondwerero chinanso chimene Mose sadachilembe, chokumbukira kuyeretsedwa kwa Kachisi mu 164 Khristu asanabadwe.

Mtsikana wanuyo mumuuze kuti inde, ilipo, ndipo ana a msinkhu wake ndi amene amaiyembekezera kuposa akulu.

FUNSO: Bambo, ine ndine wophunzira ndipo ndimakonda mbiri yakale, koma pali chimene sindimvetsa. Ngati nkhani idalembedwa m'buku, bwanji anthu azisiya ntchito ndi kuwononga ndalama pa zakudya ndi zovala chifukwa cha zinthu zimene zidachitika zaka pafupifupi 2,500 zapitazo? Wofuna kudziwa akhoza kuwerenga. Kodi maholide si ulesi wongouveka zachipembedzo? — Mnyamata wa kusekondale

YANKHO: Mwana wanga, funso lako landikoma kuposa onse, ngakhale wandilasa ine wokonda maholide. Ndiyambe ndakuuza kuti Purimu siletsa ntchito monga Sabata. Munthu akhoza kusonkha moto, kuphika, kuyendetsa galimoto. Imamuwonjezera ntchito, ndipo ndi zinayi.

Ndili msinkhu wako ndinkaganiza chimodzimodzi. Ndidasintha ndili pamaphunziro kunja, mnzanga wina Myuda atanditenga ku sunagoge usiku wa Purimu. Ndidavala jekete ndi tayi ngati wopita kumaliro. Nditalowa ndidapeza timafumukazi tovala zisoti zapepala, mkango wa zaka zinayi ukuyamwa chala, ndi nkhalamba ina itavala mphuno yofiira ya woseketsa anthu. Mwana aliyense adagwira kachipangizo kathabwa kamene ukakazunguza kamalira kuti khwererere. Wowerenga adafunyulula mpukutu wachikopa wolembedwa pamanja, umene amautcha Megillah, n'kuyamba kuimba buku lonse la Estere m'Chiheberi kuyambira vesi loyamba. Mwambo wake ngwakuti dzina la Hamani likangotuluka, onse amasokosa, kuponda pansi, kuzunguza tizipangizo tija, ngati akulifufuta dzinalo. Limatchulidwa ka 54. Koma pali msampha: m'mitu iwiri yoyamba Hamani mulibe. Amatulukira pa 3:1. Kamnyamata kamene kadakhala patsogolo panga kadatchera khutu mitu iwiri yathunthu, dzanja lili m'mwamba, kakuopa kuti dzinalo lingakadutse. Undionetse mphunzitsi wa mbiri amene adakhalitsapo chete mwana wa zaka zisanu kuti amvere nkhani ya ku Perisiya m'chilankhulo chakale. Phokoso likabuka wowerenga amaima, kudikira kuti kukhale bata, chifukwa munthu ayenera kumva liwu lililonse. M'mawa mwake amawerenganso kuyambira poyamba.

Buku limadikira munthu amene chidwi ali nacho kale. Kamnyamata kaja chidwi kadalibe, kadabwerera phokoso, koma kadabwerera kunyumba ndi nkhani. Baibulo limagwiritsa ntchito nzeru imeneyi kuyambira kale. Pa Eksodo 12:26 mwambo wa Paska ukuperekedwa pamodzi ndi funso la ana amene adzafune kudziwa tanthauzo lake. Pa Yoswa 4 akuimika miyala 12 yochokera mu Yorodano pa chifukwa chomwecho. Mwana aone chachilendo, afunse, wamkulu asowe pothawira. Onse amene adaona kalata ya Hamani ndi maso awo adafa kalekale. Chikondwerero si cha iwo. N'cha amene kudalibe.

Kumva Megillah ndiyo ntchito yoyamba. Zitatu zinazo zikuchokera pa Estere 9:22: kuchita phwando, kutumizirana chakudya, ndi kupereka mphatso kwa osauka. Aphunzitsi awo adaika malire osatsika. Utumize mitundu iwiri ya zakudya zoti munthu adye pompo, kwa munthu mmodzi kapena kuposa. Upatse osauka awiri kapena kuposa, ndipo tsiku limenelo wotambasula dzanja samufunsa zambiri. Masana a Purimu ana amayenda khomo ndi khomo atanyamula timadengu, mkati muli zipatso, maswiti ndi timabisiketi ta ngodya zitatu timene ena amatitcha matumba a Hamani, ena makutu a Hamani.

Tsopano bwerera pa 3:8 umve mmene Hamani adawanenezera Ayuda kwa mfumu: mtundu wobalalika, wamwazikana pakati pa mitundu ina, wa malamulo akeake, umene mfumu sipindula nawo. Ena mwa ofotokoza malemba achiyuda amati madengu aja ndi yankho kwa Hamani. Adati ngobalalika, tsono chaka chilichonse amagogodana pakhomo ndi mbale m'manja. Ine ndikuganiza kuti mtima wa nkhani uli pamenepa. Chikumbutso chongokhala m'mutu sichisonkhanitsa anthu. Chikatsikira m'manja ndi m'mimba, chimakutulutsa m'nyumba kukapeza mnansi amene mudasiya kulankhulana.

Pa za ndalama ndikuvomereza theka la dandaulo lako. Chikondwerero chilichonse chikhoza kusanduka mpikisano wa zovala ndi madengu okongola, olemera akutumizirana okhaokha. Ayuda eni ake adaliona vutoli kale. Maimonides, katswiri wa malamulo a Chiyuda yemwenso adali dokotala, amene adamwalira ku Egypt mu 1204, adalemba kuti ndi bwino munthu awononge zambiri pa mphatso za osauka kusiyana ndi pa phwando lake kapena pa zotumizira anzake. Adanenanso kuti wotseka chipata n'kumadya ndi banja lake lokha pa tsiku lachikondwerero, chimwemwe chake n'cha mimba basi. Sadazitole m'mutu mwake. Deuteronomo 16:14 akuika pa mphasa ya chikondwerero wantchito, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye, ndipo Nehemiya 8:10 akuti amene alibe chokonzeratu atumiziridwe gawo.

Kuti uone kuti si nkhani yakale yokha, Ayuda a m'malo ena adakhazikitsa Purimu zawozawo atapulumuka ku zoopsa za m'nthawi yawo. A ku Cairo adatero mu 1524, bwanamkubwa amene adawaopseza ataphedwa. A ku Frankfurt adatero mu 1616, atabwerera m'nyumba zimene gulu la Vincenz Fettmilch lidawathamangitsamo zaka ziwiri m'mbuyomo. Nkhani ya Estere idawapatsa chikombole choumbiramo mantha awo ndi chipulumutso chawo.

Ndipo sadzinamiza kuti zonse zidatha bwino. Pa zikondwerero zina amaimba Masalimo 113 mpaka 118, otchedwa Hallel. Pa Purimu saimba. Chimodzi mwa zifukwa zimene Talmud imapereka n'chakuti Salimo 113 limayamba ndi kuitana atumiki a Yehova. Otuluka ku Iguputo akadatha kuimba choncho popeza sadalinso akapolo a Farao, koma nkhani ya Estere itatha Ayuda adali adakali pansi pa Ahaswero. Tsegula mutu womaliza uone: ukuyamba ndi mfumu yomwe ija ikukhometsa anthu msonkho.

FUNSO: Bambo, ndikafika pa mutu 9 mtima wanga umagwa. Anthu 75,000 akuphedwa, Estere akupempha tsiku lina lophera, kenako phwando. Kodi n'zoyenera kusangalalira zimenezi? — Mayi wowerenga Baibulo m'mawa uliwonse

YANKHO: Mayi, mtima wanu ukugwa pamalo poyenera, ndipo sindikufuna kuudzutsa msanga. Manambala ndi amenewo: 500 mu Susa tsiku loyamba pamodzi ndi ana 10 a Hamani, 300 tsiku lachiwiri, 75,000 m'zigawo. Baibulo lakale la Chigiriki pamenepa likuti 15,000, koma nawonso ndi anthu.

Pali zinthu ziwiri m'malembamo zoti muzione. Masiku osangalalawo si a nkhondo. Pa 13 Adara, tsiku la lupanga, Ayuda amasala kudya, ndipo amalitcha kusala kwa Estere. Phwando limagwa pa tsiku limene adapuma. Chachiwiri, lamulo la mfumu lidawalola kufunkha chuma cha adani, koma mutu 9 ukubwereza katatu, pa vesi 10, 15 ndi 16, kuti sadakhudze kanthu. Wolemba akuloza ku 1 Samueli 15. Kumeneko Sauli mwana wa Kisi adamenyana ndi Agagi mfumu ya Aamaleki, n'kugwa chifukwa cha zofunkha. Kuno Moredekai ndi wa fuko la Benjamini, wa mbumba ya Kisi, ndipo Hamani akutchedwa Mwagagi. N'chifukwa chake pa Sabata lotsogolera Purimu m'masunagoge amawerenga Deuteronomo 25:17-19, za Amaleki.

Palinso akatswiri, Ayuda ndi Akhristu, amene amaliwerenga bukuli ngati nkhani yolukidwa mwaluso pa maziko a mbiri, yokuza zinthu dala: phwando la masiku 180, mtengo wotalika ngati nyumba yosanja, manambala akuluakulu. Amakumbutsa kuti Herodotus, wolemba mbiri wachigiriki, amatchula mkazi wa Xerxes kuti Amestris. Ena amati Amestris ndiye Vasiti. Mkanganowu ngwakale.

Chimene sichili pa mkangano n'chakuti kalata ya Hamani idalembedwanso m'dziko lenileni. Julius Streicher, mkonzi wa nyuzipepala ya chipani cha Nazi ku Germany, yofalitsa chidani pa Ayuda, adali mmodzi mwa anthu 10 amene adanyongedwa ku Nuremberg pa 16 Okutobala 1946, ndipo ali pa mtengo adafuula kuti "Purimfest 1946". Kwa anthu amene a Nazi adawaphera abale 6 miliyoni, mutu 3 si nthano. Koma mutu 9 nawo ukhoza kugwera m'manja oipa. Pa 25 Febuluwale 1994, tsiku la Purimu, Baruch Goldstein adalowa mu mzikiti ku Hebron n'kupha Asilamu 29 ali pa pemphero. Boma la Israel lidadzudzula mwamphamvu, ndipo Ayuda ambiri adachita nazo manyazi ndi chisoni. Ine ndikuona kuti vesi lililonse lonena za mdani wa mtundu wonse limaopsa likafika kwa munthu amene ali ndi mfuti ndipo wasankha yekha kuti Amaleki wa lero ndi ndani. Musasiye kuwerenga mutu 9, ndipo musazolowere.

FUNSO: Ndidamva kuti m'buku la Estere mulibe dzina la Mulungu, ndiponso kuti Ayuda amalamulidwa kuledzera pa Purimu. Kodi n'zoona? Ngati zili choncho, bukuli likutani m'Baibulo? — Mkulu wa mpingo

YANKHO: Akuluakulu, amene adakuuzani sadaname, kungoti adakupatsani fupa lopanda mnofu. Ine nditamva koyamba sindidakhulupirire. Ndidatenga pensulo n'kuyenda vesi ndi vesi, onse 167. Mulibe. Mulibenso pemphero lotchulidwa poyera, muli kusala kudya kokha. Pafupi kwambiri ndi pa 4:14, pamene Moredekai akuuza Estere kuti akakhala chete, chipulumutso chidzachokera kwina, osanena kuti kwinako n'kuti.

Si inu oyamba kukhumudwa. Pa mipukutu yakale ya Malemba imene idayamba kupezeka ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa, mu 1947, chidutswa cha Estere sichidapezeke. Martin Luther sadabise kuti bukuli sankalikonda. Ndipo kale kwambiri, pamene linkamasuliridwa m'Chigiriki, mudalowa mavesi ena 107 okhala ndi maloto a Moredekai, pemphero lake ndi la Estere, m'mene Mulungu akutchulidwa mobwerezabwereza. Mukabwereka Baibulo kwa mnzanu wa Katolika muwapeza.

Ayuda adasunga la Chiheberi monga liliri, ndipo kusowako adakusandutsa phunziro. Talmud imafunsa kuti Estere akupezeka pati m'mabuku a Mose, n'kuyankha ndi Deuteronomo 31:18, pamene Mulungu akuti adzabisa nkhope yake. M'Chiheberi liwu la kubisa limamveka ngati dzina la Estere. M'bukuli nyanja sigawikana, moto sutsika kumwamba. Muli mkazi wokana kuitanidwa, chiwembu cha alonda chimene chikufika m'makutu a Moredekai, mfumu yosowa tulo, nduna yofika m'mamawa pa nthawi yolakwika. Hamani adati dziko limayenda ndi maere. Wowerenga aweruze yekha. Ambiri amati zovala zachilendo ndi zobisa nkhope za pa Purimu, mwambo umene ukupezeka m'zolembedwa za ku Italy cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1400, zimanena chomwechi: amene ukumuona si yekhayo amene alipo. Kwa ife amene sitidaonepo nyanja ikugawikana, bukuli likunena za masiku ofanana ndi athu kuposa Eksodo.

Za mowa tsopano. Baibulo likungoti phwando ndi chimwemwe. Mawu amene mudamva ali mu Talmud, pamene mphunzitsi wina dzina lake Rava akuti munthu amwe pa Purimu mpaka asasiyanitse "wotembereredwa Hamani" ndi "wodala Moredekai". Ngakhale chionetsero cha m'misewu chimene chidayambira ku Tel Aviv mu 1912 chidadzatchedwa Adloyada, kuchokera ku mawu akuti "mpaka osadziwa". Vinyo ali ponseponse m'nkhaniyi: Vasiti adagwa mfumu italedzera, Hamani adagwa pa phwando la vinyo. Koma amene amatchula mawu a Rava kawirikawiri amaiwala nkhani imene ili m'munsi mwake momwe. Akuti Rabbah ndi Rabi Zeira adadyera pamodzi phwando la Purimu, adaledzera, Rabbah n'kudzuka n'kumucheka mnzakeyo pakhosi. M'mawa mwake adamupempherera n'kutsitsimuka. Chaka chotsatira Rabbah adamuitananso. Rabi Zeira adakana, nati zozizwitsa sizichitika nthawi zonse.

Chifukwa cha nkhani imeneyi ena mwa aphunzitsi awo adagamula kuti mawu a Rava asatsatidwe monga akumvekera. Lero alipo amene amamwa mpaka kugwa, makamaka anyamata, ndipo akuluakulu a masunagoge amawachenjeza chaka ndi chaka. Alipo amene salawa n'komwe. Ambiri amatsata njira imene adalemba Moses Isserles wa ku Kraków, yemwe adamwalira mu 1572: munthu amwe pang'ono kuposa mmene amamwera masiku onse, kenako akagone, chifukwa wogona sasiyanitsa Hamani ndi Moredekai.